A Kamanga ayambira kukhitchini

Lachiwiri masana ndinapita kukabweza wilibala kwa a Kamanga, anansi anga kuno ku Msongwe. Ndi mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito, kwawo ku Nkhata Bay, munthu amene savula taye ngakhale popita kuchigayo. Ndinaodira kangapo. Zii. Kenaka mawu anachokera kuseri: "Zungulirani kuno, dada, koma musaponde!"

Ndinawapeza atagwada m'khitchini, ali mbuu ndi simenti, mawondo atakulunga zisanza. Mbali ina anali atayala kale matailosi ofiirira. Mbali inayo munali waya wopyapyala, woyalidwa mokhotakhota kuchokera kukhoma kukafika pakhomo.

"Mukuika nokha matailosi? Amisiri atha mu Mzuzu?" ndinafunsa.

"Alipo chomene," anatero. "Koma wayayu ngwotenthetsa pansi. Anabweretsa mwana wathu wa ku Joni. Mmisiri amene ndinamuitana ananena poyera kuti sanaikepo. Akangomudula ndi chitsulo, tidzadziwa matailosi atauma kale. Ndiye ndati ndiphunzire ndekha."

Ndinaseka. Pansi potentha? Ku Malawi?

Iwo sanaseke. Anapaka simenti ndi chitsulo chamano, pang'onopang'ono ngati akusisita khanda, nakhazika tailosi, n'kuikapo levulo yoonera ngati yapendama. Akamaliza mzere ankatenga kamita koyezera magetsi kuona ngati waya akadali wamoyo. Mzere woyamba anauzula wonse Lolemba chifukwa unapendama. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, kuwerenga malangizo papepala ngati mwana wa Fomu 1!

Akazi awo, a NyaManda, anali pampando pakhomo, miyendo atafunda bulangete. Amadwala nyamakazi. Ndi iwo anandiuza chiyambi chake.

"Mu Julayi ndinagona masabata awiri, miyendo itakana. Adadawa anadzuka kukawiritsa madzi, opanda nsapato. Anabwerako akuthamanga ngati aponda moto."

"Chisanu chinandilowa m'mafupa," a Kamanga anavomera, maso ali pa levulo. "Ndinawafunsa kuti mama, pamazizira chonchi tsiku lililonse? Anati kuyambira tsiku limene tinalowa m'nyumba muno. Ine ndinaphunzitsa ana a eni zaka zonsezi za kutentha ndi kuzizira, koma za pansi pa khitchini yanga sindinkazidziwa."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Tiyeni tinene zoona, abale. Tikamanga nyumba, matailosi amayambira kuti? Pabalaza. Akatsala, pakhonde, kuti odutsa mumsewu aone. Yendani ku Chibanja, yendani ku Mzilawaingwe, lowani m'nyumba zonyezimira zija, kenaka mupemphe madzi akumwa n'kutsatira mayi wa pakhomopo. Mukapeza simenti yakuda, yong'ambika, yozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ife timakongoletsera mame. Mlendo amakhala ola limodzi, nsapato zili kuphazi. Wophika amaima pamenepo m'mawa uliwonse, nkhungu ya Mzuzu itatseka mazenera, ndipo chipinda chake timati "tidzamaliza".

Ndikudziwa zimene ena mukunena. Zachizungu izi. Nanga magetsi akathima? Inenso ndinafunsa. A NyaManda anandiyankha mosataya nthawi: "Akathima ndivala masokosi monga kale. Akayaka ndivula." A Kamanga nawo akuti azidzamuyatsa wayayo ola limodzi lokha m'mawa, miyezi yozizira basi.

Sindikuti aliyense akafune waya. Ambiri sitingathe, ndipo za magetsi si zoseweretsa; ngakhale a Kamanga, sayansi yonse ija, polumikiza kukhoma aitana wodziwa magetsi. Chimene chandigwira mtima n'china. Pabalaza pawo mpaka lero n'pa simenti yofiira yopolisha. Anasankha kuyambira kumene alendo safika. Ndipo m'tauni muno, mmene munthu akapita kusukulu amaona ngati manja ake anapuma, bambo ameneyu wagwada masiku asanu osachita manyazi.

Loweruka ndinapitanso. Anali atamaliza. Mizere yowongoka bwino, kupatula tailosi imodzi pafupi ndi chitseko yomwe yatsika pang'ono. A Kamanga ankafuna kuizula.

"Isiyeni," anatero a NyaManda. "Mawondo anu atupa kale. Tisadwale awiri."

Wayayo sanamuyatse, akuti simenti iyambe yauma masabata angapo. Choncho sindingakuuzeni ngati pansipo pakufunda. Ndinangoona mayiwo akuyenda pamatailosi awo ndi ndodo, pang'onopang'ono, kuchokera pakhomo mpaka pasinki, n'kutembenuka. "Yewo, adada," anathokoza motero. Bambowo anangoyang'ana kumbali, n'kuyamba kutsuka ndowa yomwe inali yotsuka kale.

Nditafika kwathu ndinawafotokozera mayi a kunyumba zonsezi mwachidwi, mpaka ndinalonjeza kuti nanenso ndifufuza za waya.

"Waya musavutike naye," anatero. "Tsekani kaye dzenje lija ndimapunthwapo pafupi ndi mbaula."

Ndinafunsa kuti dzenje liti.

Anangondiyang'ana.

Nanga inu bambo amene mukuwerenga izi mutakhala pasofa, mapazi ali pamatailosi: dzenje la m'khitchini mwanu lili mbali iti?