Bambo Woyembekezera wa ku Chonde

Aneba anga, kapitawo wakale wa kuminda ya tiyi, ali m'komiti ya anthu wamba yoyang'anira kafukufuku wa zaumoyo. Salipidwa, koma tayi samuiwala. Ofufuza akabwera ndi jakisoni kapena mapiritsi, mawu a mkuluyu ndi amodzimodzi: "Musanakhudze anthu anga, yambani ndi ine."

Tsiku lina anafika pamsonkhano mochedwa, akupinda kale mkono wa malaya.

"Yambani ndi ine!"

Namwino anakhosomola. "Bambo, kafukufuku uyu ndi wa amayi oyembekezera."

Anthu anafa nalo phwete. Mkuluyo anangosisita chimimba chake, osaseka.

"Inenso ndikuyembekezera, mayi. Ndikuyembekezera yankho. Mankhwalawa akamudwalitsa munthu kumudzi, adzathamangira naye kuchipatala ndani?"

Ofufuzawo anayang'anana. Yankho linabadwa sabata yotsatira, lili ndi matayala anayi.