Nambala ya pa Makina a Alamu Anga

Tsiku lina alamu anga, telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, anabweza buluku la kasitomala lili ndi masamu kumatako. Anaiwala kupukuta choko. Bamboyo anayenda nalo msika wonse, anthu akumulondola kuti aone ngati ansala yakhoza.

Matendawa anayambira pa makina awo osokera. Pafupi ndi gudumu pali kachitsulo kolembedwa 10001. Alamu anaikonda nambalayi poti ukaiwerenga chakutsogolo kapena chakumbuyo imatuluka yomweyo. Kenaka anamva pa wailesi kuti pali manambala ena amakani, okana kugawika ndi nambala iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Basi, anayamba kugawa patebulo lodulirapo nsalu. Ndi 2, yatsala. Ndi 3, yatsala. Milungu itatu, madiresi a anthu ali mbwee pansi.

Atafika pa 72 choko chinatha, ndipo anandiitana, poti pabanja pathu wofika Folomu 4 ndine. Masamu ndinalephera, koma nkhani imeneyo ndi alamu tinali tisanakambiranepo. Ndinayang'ana tebulo lija, ndikugwira chibwano.

"Alamu, nambala yokana mpaka 72 ndiye kuti yakaniratu."

M'mawa mwake chikwangwani chinakwera: TELALA SAGAWIKA. Dzina linamata. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, aliyense wodzapimitsa malaya ankayamba waweramira kachitsulo kaja.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi anabwera ndi mnyamata wofuna banja, mphunzitsi wa masamu. Naye anamuweramitsa. Mtsikana anamutsina, koma mochedwa.

"Pepani bambo, tayesani 73," anatero mnyamatayo.

Alamu anatenga choko. Inagawika bwinobwino, 137, osatsala kanthu. 

"Mwana wanga sakwatiwa ndi munthu wopanda ulemu," anatero, nabwerera pa makina.

Mtsikana analira masiku atatu. Tsiku lachinayi mlongo wanga, mkazi wa alamuwo, anandipeza kwathu. "Achimwene, munavomereza ndinu. Kakonzeni."

Ndinapita pakhonde paja. "Alamu, mnyamata uja sanalakwe. Masamu ine ndinapeza 11 pa 100."

Anasiya kupalasa makina. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenaka anaphulika kuseka mpaka tepi inagwa m'khosi.

"Ndiye kuti tinali mbuli ziwiri, ina yogwira choko, ina yogwira chibwano! Kamuitaneni mkamwini wangayo. M'banja muno mukufunika mmodzi wodziwa kugawa."

Suti ya ukwati anasoka okha. Chikwangwani sanatsitse, akuti dzina silifufutika ngati choko. Mkulu wowotcherera zitsulo pakhomo loyandikana ndi khonde la alamu, atamva nkhani yonse, anangokweza magalasi ake akuda nati:

"Igawike, isagawike, buluku limene anandisokera mwendo wina ndi wautali mpaka lero."