Nyumba ya bambo ndinaigwetsa dala

Inu owerenga, ndivomere poyambirira kuti ndinagwetsa nyumba yabwinobwino popanda wondikakamiza.

Inali nyumba imene bambo anandisiyira kufupi ndi Chiromo, ya zipupa zochindikala, denga lalitali ndi khonde lozungulira. Nyengo yotentha anthu ankabwera kudzacheza opanda nkhani, kungofuna kamphepo. Mkazi wanga atamwalira ndinayamba kuipezera zifukwa. Ndinkauza anthu kuti ndi yachikale. Zoona zake n'zakuti chitseko chilichonse chinkandikumbutsa iye.

Mmisiri amene ndinamuitana anaizungulira kawiri akugogoda zipupa. Anati ikungofunika mitanda yatsopano ndi pulasitala m'munsi mmene madzi osefukira ananyambita. Ine ndi sukulu yanga ya kukoleji ndinamutambasulira pulani ya nyumba ina. Anangoti, "Chabwino abwana," n'kukatenga hamala.

Njerwa zakalezo zambiri zinasweka pogwetsa. Kuti tiwotche zatsopano tinadula mitengo yonse ya nimu ya pabwalo, osakwana, tinakasakanso ngolo za nkhuni. Uvuni unafuka masiku anayi. M'kalasi ndinaphunzira kuti utsi wotere, ndi wa kopangira simenti, ndi umene ukutenthetsa dziko, mayeso akenso ndinakhoza. Koma sindinaganize kuti nyumba yakale utsi wake unafuka kalekale, pomwe yatsopano imafuna wakewake.

Nyumbayo inatha, yokongola ndithu, malata ali waliwali. Apongozi anga, mayi a malemu, anabwera masana kudzaiona. Anakhala pampando pang'ono akudzikupiza ndi chitenje, kenako anati, "Bambo, mbali iyi ikapsa mundiuze, nditembenuke."

Tinaseka mpaka misozi, koyamba chichitikireni maliro. Titatuluka kukafuna mthunzi tinapeza zitsa zokhazokha, moti tinakachezera pansi pa ngolo ya aneba.

Lero nthochi zimapsa masiku awiri m'chipinda changa, ndipo amayi a pamsika amadzasiya zawo. Ndabzala nimu zina, zafika m'chiuno, mbuzi zikuziyang'ana tsiku ndi tsiku. Mkazi wanga ndimamukumbukirabe monga kale. Chisonicho sichinali m'zipupa.

Choncho abale anga, nyumba ikakalamba itanani mmisiri ndipo mumumvere. Konzani denga, kulitsani mawindo, matani ming'alu, mitengo muisiye. Ngati mwaferedwa, lirani kaye, musagwetse kanthu chaka chisanathe. Ine ndinafulumira, ndipo mpaka lero ndikutuluka thukuta.