Nthambi ya Minga pa Gombe

Amuna anga ankagwira ntchito yoperekeza alendo m'nkhalango ya boma ya m'mbali mwa mtsinje, kuno ku Chikwawa. Zaka zonsezo ine sindinapondemo, yanga inali kuchapa yunifolomu basi. Loweruka lina ndinawaumiriza kuti anditenge, poti azimayi a pamjigo anali atandidzaza m'makutu kuti alendo awo ambiri ndi akazi ovala mathalauza.

Tsikulo mlendo anali mmodzi, mayi wa ku Blantyre wa msinkhu wanga, atavala chipewa chachikulu ndi nsapato zolemera ngati akupita kunkhondo. Tinanyamuka dzuwa lisanakwere, bambo patsogolo, mayiyo pakati, ine pambuyo ndi masilipasi anga.

Ndisaname, choipa sindinachione. Chimene chinandidya mtima ndi mawu. Munthu amene kunyumba amayankha kuti eya kapena ayi n'kukhala chete, kuno pakamwa panali patamasuka. Anamuonetsa mlendoyo mitengo ya bwemba ndi mnjale, anamuonetsa mapazi a njati pamatope, anamuuza nthawi imene anyani amatsikira kumadzi. Mayiyo akafunsa zopanda mutu, iwo ankaseka n'kufotokozanso modekha. Chikwatirane chathu, liwu limenelo ndinali ndisanalimvepo, ndipo nsanje inandigwira.

Pafupi ndi gombe njira inapanikizika, ndipo nthambi ya minga inali itapingasa. Amuna anga anaigwira, n'kuikokera pambali, n'kudikira mpaka mlendo atadutsa. Kenako anangoitaya osacheuka. Ndinazinda, koma inandikala pamkono.

Amene anatembenuka ndi mayiyo. Anandipepesa ngati wolakwa ndi iye, natulutsa kansalu koyera kuti ndipukutire magazi. Ndinakana mwamwano. Ndinkafunitsitsa kumuda, koma anali munthu wabwino, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Madzulo mlendo atapita, amuna anga anandikweza pa njinga. Tili m'njira ndinawafunsa chifukwa chimene anagwirira nthambi munthu wina, ine mkazi wawo n'kundisiyira kuti indikwapule. Sanaganize n'komwe.

"Amene uja ndi mlendo. Inu munakulira ku Chapananga, minga mumaidziwa."

Ananena monyadira, akuyesa kuti akundiyamikira. Ndinachotsa manja m'chiuno mwawo n'kugwira chishalo, ndipo tinafika kunyumba iwo osazindikira n'komwe.