Nsomba ya Pansi pa Sitima

Malemu amuna anga ankagwira ntchito pansi pa madzi. Ndikatero anthu amaganiza za madzi oyera okhala ndi tinsomba tamawangamawanga, koma ayi. Madzi a padoko la Hamilton m'zaka za m'ma 1970 anali akuda bii, ngati otsukira mphika wa nyemba zopserera. Mafakitale a zitsulo ankathiramo zawo, mipope ya zimbudzi inkathiramo zake, sitima nazo zinkataya mafuta. M'menemo ndi mmene bambowa ankalowa, atavala chovala champira ndi chisoti cholemera, anzawo akuwapopera mpweya m'paipi kuchokera kumtunda.

Kusambira anaphunzirira mu Shire kwawo ku Nsanje, ntchitoyi n'kukaidziwira kudoko la Beira. Kumeneko kampani ina inawaona n'kuwabweretsa ku Canada, ine ndinawatsatira patapita zaka ziwiri. Ankadula zingwe zimene zakulungika ku chopalasira cha sitima, ndi kufufuza ming'alu kunsi kwake. Maso analibe ntchito. Ankati, "Mayi, pansi paja ngakhale dzanja lako suliona. Timangopapasa ngati munthu wofuna machesi mumdima."

Akavuuka anzawo ankawatsuka ndi paipi. Akafika kunyumba ine ndinkawaimitsa pakhomo lakuseri ndi sopo, m'makutu n'kuwadonthezera viniga. Koma fungolo silinkamva sopo. Linali la dizilo, dzimbiri ndi dzira lovunda pamodzi. Eni akewo mphuno inali itafa kalekale, moti ankangodabwa kuti m'basi anthu akuwasiyira mpando wonse. "Dziko lino lili ndi ulemu," ankatero, "ndimakwera ngati nduna."

Ine sindinkaseka nawo. Masiku amenewo Amalawi kuno tinali owerengeka, ndipo ambiri anali anthu a sukulu. Ine ndinalekezera Sitandade 3. Ndinkaopa kuti akadziwa zoti amuna anga amasambira m'zonyansa za mzinda wonse, palibe adzaponde pakhomo pathu, ndipo ndidzatsala wopanda mnzanga wocheza naye m'Chichewa.

Tsiku lina kutchalitchi tinakumana ndi banja la ku Dedza. Mayiyo anali namwino, bamboyo ankaphunzitsa kuyunivesite. Anavomera kudzadya kwathu Loweruka masana. Sabata yonse ndinakolopa ndi kuchapa makatani. Zovala zaubweya zimene bambo ankavala mkati akamalowa m'madzi ndinazitsekera m'chitini n'kukabisa m'chipinda chapansi. Kenako ndinawakhazika pansi eni ake.

"Akakufunsani za ntchito, munene kuti muli mu ofesi ya kudoko."

"Si bodza ayi," anatero. "Ofesi yanga ndi yaikulu kuposa ya abwana. Yangosowa mawindo."

"Bambo, sindikuseka."

"Chabwino mayi, ndamva. Kuyambira lero ndine kalaliki."

Lachisanu anabwera atanyamula thumba lachiguduli paphewa. Munali chinsomba chachitali ngati mkono wanga wonse, chonenepa, mamba ake ngati zitsekerero za botolo. Anachipeza chitapanikizika pa zitsulo zotchinga pamene sitima imakokera madzi, chikuphuphabe. Anzawo achizungu anawauza kuti ataye, nsomba za padoko sizidyedwa. Koma munthu wa ku Nsanje ungamuuze kuti ataye nsomba?

"Azungu sadziwa ndiwo," anatero. "Alendo aulemu tiwapatse nkhuku youma ndi chisanu ya m'sitolo, nsomba ya lero lomwe ilipo?"

Nanenso ndinakopeka. Chifikireni ndinali ndisanaone nsomba yokhala ndi mutu wake, m'sitolo ya pafupi nafe ankagulitsa minofu yokhayokha ya m'makatoni. Tsoka ilo, sabata imeneyo ndinali ndi chimfine, mphuno zitatsekeka gwa. Choncho m'nyumba tinalimo anthu awiri, koma mphuno yogwira ntchito munalibe. Ndinaipala, kuidula, kuikazinga, n'kuthira tomato ndi anyezi. Nditalawa msuzi ndinangomva mchere, ndinati zatheka.

Alendo anafika atatchena. Ndinawasambitsa m'manja nditagwada, tinapemphera, ndipo mutu wa nsomba ndinaika m'mbale ya aphunzitsi aja, poti ndiwo anali aakulu. Anatafuna, kumeza, n'kumwa madzi. Anatafunanso, kumwanso madzi. Akazi awo ankangodya mpunga wa m'mbali, kulambalala nsombayo ngati chithaphwi. Paja mlendo sanyoza chakudya, ndiye aphunzitsi anati, "Ndiwo zakoma, mayi," misozi ili lengelenge. Ine nditamva choncho ndinawaonjezera nthuli ina. Anaimalizanso, munthu wa Mulungu.

"Nanga achimwene, ntchito mumagwira kuti?" anafunsa akupukuta thukuta.

"Mu ofesi ya kudoko," bambo anayankha, akundiyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso.

Nthawi yomweyo aphunzitsi anageya. Akazi awo anabweza mutu m'mbuyo, n'kukankhira mbale patsogolo pang'ono.

"Pepani alamu," anatero kwa amuna anga, "nsomba iyi mwaigula kusitolo kapena kugalaja? Amuna angawa lero asayandikire machesi, angayake."

Bambo anayang'ana ine, anayang'ana nsomba, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Anaulula zonse: kumene nsomba yachokera, ntchito imene amagwira, za chitini cha m'chipinda chapansi, ngakhale zoti ukalaliki ndawalemba ndine ndipo sunathe sabata.

Ndinaweramitsa mutu, kudikira kuti alendo atsanzike. Koma mayi aja anasendera kufupi n'kundigwira dzanja.

"Achemwali, mukuganiza kuti ine kuchipatala ndimanyamula maluwa? Ndimatuta zimene odwala achita pabedi. Ndikafika kunyumba, awa amayamba atsegula mawindo, moni pambuyo."

"Moni ndimapereka," anatero aphunzitsi, "koma ndili patali."

Atamwa kapu yachinayi ya madzi, anayamba kufunsa mafunso ngati ndi iwo ali pasukulu. Munthu ali pansi pamdima amalankhula bwanji ndi a kumtunda? Bambo anakatenga chingwe changa choyanikira zovala, anachimanga m'chiuno, n'kulowa pansi pa tebulo atatsinzina. Mbali inayo anagwiritsa aphunzitsi. Wapansiyo akakoka kamodzi ndiye kuti ali bwino, akakoka kanayi ndiye kuti atulutsidwe. Bambo atakoka kanayi, aphunzitsi ndi tayi wawo anakoka ndi mphamvu zonse mpaka tebulo linatsala pang'ono kugubuduka. Ine ndi mayi aja tinali kukhitchini kukazinga mazira, tikuseka mpaka kugwira nthiti. Nsomba yotsala tinaika panja. Mphaka wa aneba anabwera, ananunkhiza, n'kubwerera.

Patapita zaka bambo anayamba kudwala chifuwa. Madokotala sananene poyera ngati anali madzi aja, koma ine maganizo anga ndili nawo. Mayi aja ndi amene ankabwera akaweruka kudzandithandiza kuwatembenuza ndi kuwasambitsa. Pamaliro anagona nane pansi masiku onse, monga timachitira kwathu, ndipo aphunzitsi ananyamula nawo bokosi.

Mpaka lero mayiwo amabwera Loweruka, ngakhale tonse mawondo atha. Akafika amaima pakhomo, kununkhiza kaye, n'kufunsa kuti, "Achemwali, lero ndiwo zachokera kuti?" Ndikati kusitolo, ndi pamene amavula jekete.