Dzanja lothira mchere

Amuna anga anayamba kutupa mapazi m'zaka zija mchere unkasowa m'masitolo, pamene munthu unkaima pamzere ku boma ku Chadiza, khadi la chipani lili m'manja, n'kubwerera ku Zemba chimanjamanja. Anali munthu wa njinga, wosadziwa kutopa, koma anafika poti kachitunda kakang'ono kankawatsitsa. Tinapita ku kiliniki.

Dokotala anawamanga lamba pamkono, n'kupopa, n'kumvetsera pachifuwa. Atamaliza anatembenukira kwa ine, osati kwa wodwalayo.

"Mayi, ophika ndinu? Bambowa magazi akuthamanga, mtima watopa. Mapiritsi awa azimwa, koma mchere asiye. Mukapitiriza kuthira, owapha mukhala inu."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Mawu omwewo ndinawamva kuchinamwali, kwa anamkungwi amene sanapondepo m'kalasi. Kwathu mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda ndi mwamuna wina, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, wodyayo amadwala mdulo: amatupa, amatsokomola, mwina mpaka kufa. Pobwerera ndinkangodzifunsa kuti kamchere kameneka kanalakwanji, kuti wophunzira ndi wosaphunzira onse azikaopa. Dokotala ankafuna kudziwa kuti wathiridwa wochuluka bwanji. Akwathu ankafuna kudziwa kuti wathira ndani.

Ndinayamba kuphika ndiwo zopanda mchere, ana n'kumawaikira wawo pakambale kuti azidzithirira okha. Amuna anga ankadya akukwinya nkhope ngati akumwa mankhwala, koma mapazi anayamba kuphwa.

Kenako apongozi anga, amayi awo a amuna anga, anafika kuchokera ku Pembamoyo atamva za matendawo. Anali mayi wa mpingo, wosajomba kumapemphero, ndipo anatibweretsera mphatso yamtengo wapatali, kathumba ka mchere kogula kutsidya kwa malire. Anakhala pakhomo pa khitchini akusenda mtedza, maso ali pa manja anga. Masiku anapita, ine mchere wawo osaukhudza.

Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Kumwezi munthu sakhalako mpaka kalekale," anatero motsitsa mawu. "Mwana wanga watupa. Inu mchere mukuuthawa. Ine ndiganize chiyani?"

Magazi anandiwira, koma ndinagwada bwinobwino n'kufotokoza zonse za ku kiliniki.

"Adokotalawo aona kutupa," anayankha. "Amene watupitsa amuonera pati? Kalamba kawo ka pamkonoko kamalowa m'nyumba za anthu?"

Funso limeneli linandikhala m'mutu, ngakhale linkandinyoza. Kwa dokotala thupi la amuna anga linali lawo okha, loyendera madzi ndi magazi. Kwa apongozi thupi lomwelo linali m'manja mwa ine, ndipo khalidwe langa ndilo linkaliimika kapena kuligwetsa. Ndinawafunsa ngati amayi a mpingo nawonso amaopa mdulo. Anati kutchalitchi sanalengezepo kuti unatha.

Ananena poyera kuti aitana ankhoswe, mwana wawo amutenge akadwalire kwawo. Apa ndiye ndinaona kuti ndapanikizika. Ndikapanda kuthira mchere, ndavomera mlandu. Ndikathira, amuna anga n'kutupanso monga ananenera dokotala, mudzi wonse unena kuti mdulo uja suwu. Amuna anga anayesa kundiikira kumbuyo, koma pamaso pa amayi awo ankangogonja.

M'mawa mwake ndinaphika nkhwani wotendera. Ndinaitana apongozi, ndinamasula kathumba kawo iwo akuona, ndinatapa mchere ndi dzanja langali n'kuthira mumphika. Ndinachita ndi ukali, sindibisa. Ndinapakula, n'kukagwada pakhonde pamene panakhala amuna anga.

Iwo anayang'ana mbaleyo, n'kundiyang'ana ine. Mawu a dokotala anawamva ndi makutu awo, ndipo anali atangoyamba kupeza bwino. Anasamba m'manja mwakachetechete, n'kutambasula dzanja kuti adye. Ndinadziwa kuti akudyera dzina langa.

Asanapise, apongozi anadzuka n'kuilanda mbale ija.

"Bweretsa kuno," anauza mwana wawo. "Ngati muli mdulo, udule ine. Ine ndakhala kale." Kenako anatembenukira kwa ine. "Uyu muphikireni zake zosakolera zija."

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kudya. Sanayang'ane munthu aliyense. Tonse tinangomvetsera akumeza.

Anakhala nafe masiku ena angapo akudikira chifuwa. Sanatsokomole, sanatupe, ndipo ankhoswe sanaitanidwe. Za dokotala sanazivomereze mpaka tsiku la imfa yawo. Ankangoti mpongozi wawo anapezeka woyera, ndipo matenda a mwana wawo anachokera kwina kumene iwo sanakudziwe.

Ndinawasungira mkwiyo nthawi yaitali chifukwa chondiganizira zoipa. Koma pano ndakalamba, ndili ndi ana aamuna akuluakulu, ndipo chimene chimandibwerera si mawu a kuseri kwa nkhokwe aja ayi. Mayi uja ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwina m'mbalemo muli imfa, ndipo anadya mpaka kukombeza.