Maso Ofiira a Amayi

Mdzukulu wanga wabwera ndi buku la nthabwala za mfiti, akuseka mpaka misozi. "Agogo, mfiti ya umu ili ndi maso ofiira, ndiye lichero lake lakana kuuluka!" Ndamulanda bukulo.

Amayi anga ankawamba nsomba kwa Mponda. Utsi unkawalowa tsiku lonse, maso ali psuu, nsalu yawo ikununkha chambo. Tsiku lina mayi woyandikana nafe, amene nsomba zake sizinkayenda malonda, anandikodola. "Iwe, amako amauluka pa lichero. Sukuwaona masowo?"

Ine ndinakondwa. Ndinakakhala m'lichero la amayi kuseri kwa nyumba, nditagwira zolimba m'mphepete mwake, kudikira kuti linyamuke. Linangothyoka. Ndinalira, ndikuwakwiyira amayi kuti amauluka okha osanditenga.

Mwana wa mayi uja atamwalira ndi malungo, anthu anabwera ndi miyala. Anagumula powambira nsomba, anawamenya amayi, n'kutithamangitsa. Amayi anakafera ku Namwera, kwa eni.

"Agogo, ndi nthano chabe," akutero mdzukulu wanga.

Nthano chabe! Wolemba bukuli sanaonepo amake akutola mano awo pansi.